Zida zosinthira Huey ya 1/48 kukhala yonyamula ovulala: nyenyezi 4 pa 5

Ndinagula phukusili chifukwa ndinali ndi kahelikopita kapulasitiki ka UH-1H Huey, ka sikelo ya 1/48 (kochepetsedwa ka 48 poyerekeza ndi ndege yeniyeni), ndipo sindinkafuna kukamanga ngati ndege yomenyera nkhondo. Ndinkafuna ija ya gulu lankhondo la America yonyamula asilikali ovulala pa nkhondo ya ku Vietnam, imene pa wailesi ankaiitana kuti Dustoff. Ntchito ndamaliza, ndipo ndalama yanga sinapite pachabe.

M'phukusimo muli machira atatu a resin (utomoni wouma wangati pulasitiki), mizati yopachikapo machirawo, makina okokera munthu ndi chingwe, chikwama cha mankhwala, kabotolo ka dripi, malamba a mkuwa wopyapyala ndi masitika a mtanda wofiira. Kahelikopita kapulasitiki kaja mulibe, muyenera kukhala nako kale.

Chimene chandigwira mtima ndi machira. Amene anawaumba anayang'anitsitsa zithunzi zenizeni. Nsalu yake ndi yolendewera pang'ono pakati, ngati kuti munthu wangodzukapo kumene, ndipo pa amodzi pali bulangete lopindika mosasamala, ngodya ina ikulendewera m'mbali. Nditapaka penti yobiriwira modera n'kuthira penti yakuda yosungunula kwambiri m'makwinya, nsaluyo inaoneka yogwiritsidwa ntchito, yosachapidwa. Huey yaitali ngati UH-1H inkatha kunyamula machira 6, koma nthawi zambiri ankaikamo atatu osanjikiza n'kusiya malo oti ovulala otha kukhala tsonga akhalepo. Choncho atatuwa ndi okwanira, ndipo ndi zoona. Zitseko zam'mbali musazitseke. Zimateni zili zotsegukira kumbuyo, apo ayi zonse mwavutikirazi zibisika.

Makina okokera aja nawonso anapangidwa bwino. Amaima m'kati, pafupi ndi chitseko, dzanja lake n'kutulukira kunja. Anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1966, m'malo a nkhalango yowirira kumene ndege sinkatha kutera. Inkangoima m'mwamba, n'kutsitsa chingwe chotalika mamita oposa 70, kumapeto kwake kuli chitsulo cholemera chokhala ndi timipando titatu topinda, choboolera masamba a mitengo. Nthawi imeneyo ndi imene ndege inkakhala pangozi kwambiri, chifukwa yaima malo amodzi, adani akuiona bwinobwino. Kachitsuloko kali m'phukusimo, ndipo timipando take tikuoneka. Chingwe mulibe, ine ndinaika kawaya kowonda kochokera m'chingwe chakale cha magetsi, ndipo kakuoneka bwino kuposa ulusi, chifukwa sikakhala ndi ubweya.

Kwa amene sanagwirepo resin: guluu wa pulasitiki sagwira, pamafunika supa guluu. Tsukani kaye tizidutswa tonse ndi sopo wotsukira mbale, kuti penti isamatereremo. Popala ndi sandipepa nyowetsani ndi madzi ndipo valani chotchinga pamphuno, fumbi lake ndi loipa m'mapapo. Mzati umodzi unabwera wopindika, koma nditauviika m'madzi otentha unafewa, ndinauwongola ndi zala n'kuuponya m'madzi ozizira. Resin ndi yolemera, ndiye onjezerani kamtovu kumphuno kwa ndege musanamate mbali ziwiri za thupi lake, kuti isakhalire mchira.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri.

Choyamba ndi masitika. Mtanda wofiira umakhala pa bwalo loyera la ngodya zinayi, pamphuno, pazitseko, pamwamba ndi kunsi kwa mimba. Koma choyera cha masitikawa ndi chopyapyala kwambiri, moti pa thupi lobiriwira modera chimaoneka chotuwa. Pa ndege imeneyi limenelo ndi vuto lalikulu, chifukwa chizindikirocho ndicho chimauza munthu ali patali kuti iyi ndi ya chipatala. Ine ndinatchinga ndi tepi, n'kupaka choyera ndekha, kenako n'kudula mtanda wokha pa sitika n'kuumata pamwamba. Zinatheka, koma wogula samayenera kuvutika chonchi.

Chachiwiri ndi pepala la malangizo. Likusonyeza zoti muikemo, koma silikunena zoti muchotse. Huey zambiri za m'mabokosi zimabwera ndi mfuti za M60 zoika pakhomo la ndege, zoimikapo zake, ndi mipando ya asilikali yodzaza m'kati. Ndege za Dustoff sizinkanyamula mfuti zapakhomo. Munkakhala anthu anayi okha: oyendetsa awiri, wosamalira ndege, ndi wopereka chithandizo choyamba. Amene anali osiyana ndi a gulu lina la zachipatala, 15th Medical Battalion ya 1st Cavalry Division, omwe ankadzitcha Medevac ndipo ankaika M60 ngakhale ndege zawo zinali ndi mtanda wofiira. Munthu wosadziwa kusiyana kumeneku angathe kusakaniza, zizindikiro za gulu lina, mfuti za gulu lina. Mizere iwiri yokha pa pepalalo ikanathetsa zonsezi.

Ine zimenezi sindizitenga mopepuka. Gulu la Dustoff lotchedwa 57th Medical Detachment linafika ku Vietnam mu 1962 ndi Huey zisanu zokha. Mtsogoleri wake, Major Charles Kelly, anaphedwa pa 1 July 1964 atapita kukatenga ovulala pamalo pomwe zipolopolo zinali kuvumba, atakana kubwerera. Anthu oterewa ankalowa pamoto pa ndege yopanda mfuti zapakhomo zobwezera, ndipo ndikamanga ndege yawo ndimafuna ndiimange mmene inalili. Dziwaninso kuti ndege ya Kelly inali UH-1B, yaifupi, choncho zida za m'phukusili sizikwana pa imeneyo. Ndi za UH-1D ndi UH-1H.

Ngati munamangapo kale ndege ziwiri zitatu ndipo simuopa supa guluu, gulani. Ngati ndi koyamba, yambani mwamanga Huey wamba. Konzaninso malo pashelefu, chifukwa mapiko ozungulira a UH-1H ndi mamita oposa 14, ndipo pa sikelo imeneyi amatenga masentimita 30.