Masabata 20 m'manja mwa kochi wokonzekeretsa omanga thupi: ndemanga yanga

Ndadikira dala kuti papite masabata 7 chichitikireni mpikisano ndisanalembe ndemanga iyi, chifukwa munthu amene wangotsika kumene pasiteji amakhala ndi njala, kutopa ndi chisangalalo nthawi imodzi, ndipo sangaweruze bwino ntchito ya amene anamulipira. Ndine Mmalawi wokhala ku Rosettenville, kumwera kwa Johannesburg, ndimagwira ntchito yopakira katundu ku City Deep, ndipo ndakhala ndikunyamula zitsulo kwa zaka 6. Chaka chino ndinalimba mtima kukalowa koyamba mumpikisano wa omanga thupi osagwiritsa ntchito mankhwala okuza minofu, umene anzathu kuno amangouti natural. Ndinalemba ntchito kochi wa konkuno, munthu amene anapikisanapo yekha kangapo, pa R900 pamwezi. Dzina lawo sinditchula, popeza zina mwa zimene ndinene ndi madandaulo.

Mgwirizano wathu unali wakuti azindipatsa ndondomeko ya chakudya ndi ya jimu, ine ndiziwatumizira pa WhatsApp Lamlungu lililonse m'mawa zithunzi zinayi pamodzi ndi kulemera kwanga kwa masiku onse 7 a sabatayo, ndipo tizikumana maso ndi maso kamodzi pamwezi. Tinayamba kumayambiriro kwa Meyi ndikulemera makilogalamu 84, ndipo ndinakwera pasiteji kumapeto kwa Seputembala ndili ndi 73.5.

Ndiyambe ndi chakudya, chifukwa ndi pamene panagona ntchito yonse. Ndondomeko yoyamba imene ananditumizira inandikhumudwitsa kwambiri. Munali oats, mpunga, broccoli, nsomba yodula ya m'firiji ndi mtedza wa almond, zinthu zooneka kuti zinalembedwera munthu wina, wa thumba lina ndi khitchini ina, ndiye angosinthapo dzina. Ndinawaimbira n'kuwauza mosabisa kuti kwathu munthu akagona osadya nsima amati wagona ndi njala, ndiponso kuti malipiro anga sangakwanitse zimenezo pamene kumudzi akuyembekezeranso kuti nditumizeko kangachepe. Apa ndi pamene ndinayamba kuwalemekeza, chifukwa sananyoze kapena kuumirira. Anandipempha kuti ndilembe zonse zimene timadya m'nyumba mwathu kwa sabata yathunthu, ndipo patatha masiku awiri anabwera ndi ndondomeko yatsopano yokhala ndi nsima, mazira, chidali cha nkhuku, nsomba za m'chitini, soya pieces, nyemba, mbatata, chambiko chimene kuno amati amasi, ndi masamba ochuluka monga rape ndi kabichi. Usipa wouma umene achimwene anga amanditumizira pa basi yofikira ku Park Station sanali kuudziwa, koma ataufufuza anaulowetsa m'gulu la zakudya zomanga thupi, n'kungondichenjeza kuti ndiziuyeza.

Chimene anandiphunzitsa, ndipo ndidzachisunga moyo wanga wonse, ndi chakuti nsima siyezedwa itaphikidwa, chifukwa mtanda umalemera malinga ndi madzi amene wophika wathira. Chimene chimayezedwa ndi ufa usanalowe mumphika, ndipo magalamu 100 a ufa ali ndi makalori (muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi) pafupifupi 350. Choncho akazi anga ankaphika nsima ya banja lonse mumphika waukulu, yanga mu kapoto kapadera, ndi ufa wa magalamu 80 okha. Tsiku loyamba anandiyang'ana n'kunena kuti, “Abambo, ufa umenewu ngakhale mthiko sudzaza, mukalimba nayo bwanji ntchito yonyamula katundu?” Nkhawa yawo inali yoona, ndipo ndikuwathokoza kuti anapirira nane mpaka kumapeto. Ndinadabwanso kuona kuti mdani wamkulu sanali nsima ayi, koma mafuta ophikira ndi nsinjiro. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, pakuti galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9 pamene ya mapuloteni kapena ya zakudya zopatsa mphamvu imapereka 4 okha. Ife timathira mafuta m'ndiwo ndi maso, osayeza, ndipo ndiwo zotendera, ngakhale kuti ndi masamba, zimatha kunyamula makalori ambiri kuposa nsima imene mukudyera.

Anandiyambitsa pa makalori 2,600 patsiku, ndi mapuloteni okwana magalamu 180 amene sanasinthe mpaka tsiku lomaliza. Ankadula pang'onopang'ono zakudya zopatsa mphamvu ndi mafuta, ndipo sankadula pokhapokha sikelo itaima kwa masabata awiri otsatizana. Lamulo lawo linali lakuti ndizitsika pakati pa theka la peresenti ndi peresenti imodzi ya kulemera kwanga pasabata, kutanthauza pafupifupi theka la kilogalamu, chifukwa munthu wosabaya mankhwala akathamangira kuonda amataya minofu yomwe waivutikira zaka zambiri. Pa sabata ya 6 ndinataya mtima poona anzanga ena akuphwa msanga kuposa ine, ndipo ndinawapempha kuti andidulire chakudya kwambiri. Anakana. Lero ndikayang'ana zithunzi ndikuona kuti analondola, popeza ntchafu ndi msana wanga zinafika pasiteji zili zodzaza, pamene ena amene anathamanga anafika ali opyapyala. Masabata omaliza ndinali pa makalori pafupifupi 1,900.

Za jimu ndinene mwachidule, chifukwa sindinapezepo cholakwa. Ndinkapita masiku anayi pasabata, ndipo anaumirira kuti ndisasiye zitsulo zolemera pa squat, deadlift ndi bench press, kusiyana ndi zimene ambiri amakhulupirira zoti pochepetsa mafuta uyenera kunyamula zopepuka kambirimbiri. Ankati thupi limasunga minofu imene likuona kuti ikugwira ntchito. Ankayang'ana kabuku kanga kolembamo zolemera mwezi ndi mwezi, ndipo mphamvu zitayamba kutsika anachepetsa maseti (maulendo obwereza kunyamula) m'malo mochepetsa kulemera kwa chitsulo. Kuthamanga sanandipatse kochuluka, poona kuti ntchito yanga ndi yoimirira tsiku lonse. Anangowonjezera kukwera masitepe a ku Westcliff Loweruka m'mawa, amene ndi opitirira 200, ndipo munthu wanjala amawamva ndithu mumzinda uno umene uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere.

Pali nkhani ina imene yandichititsa kuti ndiwapatse nyenyezi zambiri ngakhale ndili ndi madandaulo. Cha mu Julaye, kuzizira kwa kuno kutafika pachimake ndipo mafuta a kumunsi kwa mimba akukana kuchoka, mnyamata wina wa ku jimu anandikokera pambali n'kundionetsa mapiritsi amene ankati amasungunula mafuta, akulumbira kuti si ma steroid ndipo sangaoneke pokayeza. Ndinali wotopa moti ndinawaganizira ndithu. Nditawafunsa a kochi, anandiimbira nthawi yomweyo, osati kulemba, ndipo anandifotokozera modekha kuti mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa WADA, bungwe loona za mankhwala m'masewera padziko lonse, umene umakonzedwanso chaka ndi chaka n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale, suli wa ma steroid okha. Muli clenbuterol, muli mankhwala ochotsa madzi m'thupi monga furosemide, mulinso zogalamutsa thupi zina zimene zimapezeka m'mabotolo ogulitsidwa poyera. Anandiuzanso kuti pa malamulo amenewa chilichonse chopezeka m'mikodzo mwako ndi mlandu wako, kaya unadziwa kaya sunadziwe, ndipo n'chifukwa chake bungwe la SAIDS, limene limayang'anira nkhani zimenezi m'masewera a ku South Africa, limachenjeza osewera za zakudya zowonjezera za m'mabotolo. Mipikisano yambiri ya natural imayeza mikodzo, ndipo mabungwe ena monga WNBF amagwiritsanso ntchito makina oyesa ngati munthu akunama. Pomaliza ananena kuti ndikamwa mapiritsiwo ntchito yathu yathera pomwepo. Zimene anandilola zinali zitatu zokha: creatine monohydrate (ufa wothandiza mphamvu ya minofu) ya magalamu 5 patsiku, whey (ufa wa mapuloteni a mkaka) yokhala ndi chizindikiro cha Informed Sport chosonyeza kuti inayezedwa ngati mulibe mankhwala oletsedwa, ndi khofi. Sanayesepo kundigulitsa botolo lililonse, chinthu chimene sindinganene za makochi ambiri amene ndawaona m'majimu a kuno.

Sabata yomaliza anaiyendetsa ndi mtima womwewo. Sanandiletse madzi, sanandichotsere mchere, anangowonjezera nsima, mpunga ndi mbatata masiku atatu omaliza kuti minofu idzaze. Kuseri kwa siteji ndinaona anyamata amene anali atatha tsiku lathunthu osamwa madzi akugwidwa ndi kukokana kwa minofu, mmodzi mpaka kulephera kuimirira bwino, pamene ine ndinali ndi botolo langa m'manja.

Tsopano ndifike pa zimene sizinandisangalatse, ndipo ndikuzinena ndi mtima wofuna kuti zikonzedwe. Choyamba ndi kaimidwe ka pasiteji. Oweruza saona zimene unanyamula ku jimu, amaona mmene ukuonetsera thupi pa maimidwe okakamizidwa monga front double biceps, lat spread ndi side chest, ndipo kulimbitsa minofu yonse kwa mphindi zingapo uku ukumwetulira ndi luso lofunika miyezi. A kochi anayamba kundiphunzitsa zimenezi pa sabata ya 14, mochedwa kwambiri, ndipo ndi pamene ndinamva kuti phunziro lililonse lili ndi mtengo wake wapadera umene sunatchulidwe pachiyambi. Ndinatha pa nambala 4 m'gulu la ongoyamba kumene, ndipo woweruza wina atatha mpikisano anandiuza kuti thupi linali lokonzeka koma msana sindinkautambasula mokwanira. Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa chinali chinthu chotheka kukonza tikanayamba mu Juni. Ndalama zina zimene sanandikonzekeretse ndi za kulembetsa, za umembala, za utoto wopaka thupi ndi za kabudula wa pasiteji, zimene zonse zinandigwera mwezi umodzi.

Chachiwiri, pakati pa sabata ya 15 ndi ya 17 mayankho awo anayamba kuchedwa, nthawi zina mpaka masiku atatu, chifukwa anali ndi anthu ambiri okonzekera mipikisano nthawi imodzi. Imeneyo ndiyo nthawi imene munthu amafuna kochi kwambiri. Tulo tinali titathawa, ndinkadzuka 3 koloko usiku ndikuganiza za chakudya, ndinkazizidwa ngakhale nditavala majuzi awiri, ndinkapsa mtima ndi ana pa zinthu zazing'ono, ndipo chilakolako cha m'banja chinali chitazimiririka. Pambuyo pake ndinadzamva kuti zimenezi zimachitikira omanga thupi a natural ambiri mafuta akatsika kwambiri, popeza testosterone imatsika ndipo imadzabwerera munthu akayambanso kudya mokwanira. Ndikanakonda kumva zimenezi kuchokera kwa iwo, pachiyambi penipeni, akazi anga ali pomwepo, chifukwa m'nyumba munalowa mafunso amene sanayenere kulowa.

Dandaulo langa lalikulu ndi la masiku a pambuyo pa mpikisano. Mgwirizano unatha usiku womwe ndinatsika pasiteji. Ananditumizira uthenga wondiyamikira, basi, popanda ndondomeko ya mmene ndibwererere ku chakudya cha masiku onse. Munthu amene wakhala masabata 20 akuyeza ufa pa sikelo akamasulidwa mwadzidzidzi sadziwa polekezera. Abale a ku tchalitchi anandikonzera phwando la mpunga wa Kilombero ndi nkhuku, ndinadya mothokoza, koma njala siinathe tsiku limenelo kapena sabata imeneyo. Pa masabata atatu ndinawonjezera makilogalamu 6, akakolo anatupa, ndipo ndinkachita manyazi kudziyang'ana pagalasi ngakhale ndinkadziwa kuti kunenepa kwina kunali kofunika kuti thupi lichire. Masiku amenewo anali ovuta kuposa sabata iliyonse ya njala, ndipo ndinawadutsa ndekha. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti kochi amene watsitsa munthu mpaka pamenepo ali ndi udindo womukwezanso.

Ndawapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Kwa m'bale amene akuganiza zowalemba ntchito, ndikulangiza kuti mukhale mutanyamula kale zitsulo kwa zaka zingapo, mugule sikelo ya m'khitchini tsiku loyamba, ndipo musanalipire mufunse kuti akulembereni mtengo wa maphunziro a kaimidwe, nthawi imene ayenera kuyankha uthenga, ndi zimene adzachite masabata 6 otsatira mpikisano. Ine ndinakumana nawo sabata yatha ku jimu n'kuwauza zonsezi pamaso. Anamvetsera osandidula mawu, anavomera za kuchedwa kwa mayankho, ndipo anati nkhani ya pambuyo pa mpikisano aiganizira. Tagwirizana kuti chaka chamawa ndisapikisane, ndidye mokwanira ndi kumanga msana ndi mapewa, ndipo tidzakhalenso pansi ndikadzaona zimene alemba papepala.