Ndemanga yanga titalumikiza Google Drive ndi Slack ku ofesi kwathu

Ndikupereka nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndimayang'anira ofesi ya bungwe laling'ono ku Lilongwe lomwe limagwira ntchito ndi makalabu a alimi ku Mchinji ndi ku Dedza, ndiye malipoti, malisiti, makalata ndi mabajeti onse amadutsa m'manja mwanga. Papita miyezi ingapo chilumikizireni Google Drive ndi Slack, ndipo ndaona zokwanira kuti ndiuze anzanga a m'maofesi ang'onoang'ono zomwe zatithandiza komanso zomwe ayenera kudziwa asanayambe.

Kwa inu amene simunazigwiritsepo ntchito, Google Drive ndi malo osungirako mafayilo pa intaneti omwe Google inatsegula mu 2012. Slack ndi pulogalamu yolemberana mauthenga a pa ntchito. Inayamba mu 2013, ndipo kampani ya Salesforce inaigula mu 2021. Nkhani iliyonse mu Slack imakhala ndi tchanelo yakeyake. Ife tili ndi ya malipoti, ya zogulagula, ya mayendedwe a galimoto ndi ina ya zolengeza. Mukalumikiza ziwirizi, fayilo imakhalabe ku Drive komweko, koma anthu amaiona ndi kuikambirana ali mu Slack.

Kale lipoti limodzi linkakhala ndi makope ambirimbiri. Alangizi a ku Mchinji atumiza pa WhatsApp, bwana akonza pa laputopu yawo n'kubweza pa imelo, achemwali a ku akaunti asintha manambala pa kope lakale osadziwa kuti kwatuluka latsopano. Likayandikira tsiku lotumiza lipotilo kwa omwe amatithandiza ndi ndalama, ndinkatsala ndekha mu ofesi mpaka mdima, kuyerekeza ndime ndi ndime kuti ndidziwe kope lenileni. Ntchito yosautsa imeneyo inatha. Tsopano lipoti ndi limodzi, linki yake ndi imodzi, ndipo aliyense akaitsegula amapeza zomwe mnzake walemba posachedwa.

Kulumikizako sikuvuta. Mumalowa pomwe pali mapulogalamu owonjezera mu Slack, n'kusaka Google Drive, n'kuiika. Kenako munthu aliyense amalumikiza akaunti yake ya Google payekha ndi kuvomereza. Apa mpomwe ambiri amaiwala: woyang'anira akaiika sizitanthauza kuti aliyense walumikizidwa. Ine ndinachita kuzungulira matebulo onse kuthandiza mmodzimmodzi, ndipo a kumudzi tinawakonzera atabwera ku msonkhano wa pamwezi. Ngati amene amayang'anira Slack ya ku ofesi kwanu anatseka zoti aliyense aziika mapulogalamu, muyambe mwapempha iyeyo.

Chimene chandisangalatsa kuposa zonse ndi nkhani ya chilolezo. Aliyense amene anagwiritsapo ntchito Drive akulidziwa vuto lija: mwatumiza linki, mwanyamuka kupita kukadya nkhomaliro, pobwera mupeza mauthenga akuti "Mayi, fayilo ija ikukana kutseguka." Mu Slack, mukangomata linki ya Drive mu tchanelo, pulogalamuyi imayang'ana ngati anthu a m'tchanelomo ali ndi chilolezo chotsegula fayiloyo. Ngati ena alibe, imakuuzani nthawi yomweyo kudzera mu uthenga womwe mumauona nokha, n'kukufunsani ngati mukufuna kuwalola. Mumasankha ngati azingowerenga, azithanso kuikapo ndemanga, kapena azitha kusintha zolembedwazo. Lachisanu lina madzulo ndinaika bajeti ya maphunziro a alimi mu tchanelo ya zogulagula, chikwama chili kale paphewa. Uthenga uja unatulukira pansi pa linki. Ndinadina kuti anzanga azitha kuikapo ndemanga, n'kutseka kompyuta. Loweruka m'mawa alangizi a ku Dedza anali atalemba kale kuti mtengo wa holo wakwera, popanda kundiimbira foni. Kanthu kakang'ono, koma kamachotsa kudikirirana komwe kumadya tsiku lonse la ntchito.

Ndikuchenjezeni pang'ono pomwepa. Chifukwa kupereka chilolezo kwaphweka, dzanja limathamanga. Muziwerenga kaye zomwe mukudina. Kulola anthu otchulidwa mayina n'kosiyana kwambiri ndi kulola aliyense amene ali ndi linki, chifukwa linki ikangotuluka n'kufika pa gulu lina la WhatsApp, munthu wosamudziwa n'komwe angathe kutsegula fayilo yanu.

Chachiwiri ndi ndemanga za m'mafayilo. Bwana wathu amakonda kuwerenga malipoti mbandakucha. Akalemba pambali pa ndime kuti "Manambala a feteleza awa ndi a chaka chiti?", uthengawo umandipeza mu Slack, ndipo ndimayankha pomwepo osatsegula fayilo. Yankho langa limakaonekera m'fayilomo, pansi pa funso lawo. Zimachitikanso chimodzimodzi wina akapempha chilolezo chotsegula fayilo yanga, kapena akandigawira fayilo yatsopano. Kale zonsezi zinkabwera pa imelo n'kukwiririka pakati pa makalata ena. Pa sabata yolemba malipoti mauthengawa amachuluka ndithu, koma mungathe kuwachepetsa kapena kuwazimitsa. Ine ndinasiya oyaka a ndemanga ndi a opempha chilolezo.

Kusaka nakonso kwandipulumutsa kangapo. Fayilo ya Drive ikagawidwa mu Slack, mungaipeze posaka mawu a m'kati mwake ngakhale dzina lake mwaiwala. Mungawonjezenso in: kutsogolo kwa dzina la tchanelo, kapena from: kutsogolo kwa dzina la munthu, kuti zotuluka zichepe. Ife timalemba Chichewa ndi Chingerezi mosakaniza, ndiye ndaona kuti mayina a zinthu ndi a malo ndi amene amapeza msanga. Mukasaka "tinagula" simupeza uthenga womwe munthu analemba "agula" kapena "tidzagula", koma mukasaka "soya" kapena "Mchinji" mumafika pomwepo. Mabatani ndi malangizo a Slack alibe Chichewa, ndiye anzathu ena achikulire anafunika kuwaonetsa mobwereza, ndipo zimenezo n'zoyenera kuzipatsa nthawi.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna muimvetse bwino ngati mukugwiritsa ntchito Slack yaulere monga ife. Kuyambira mu September 2022, Slack yaulere imangoonetsa mauthenga ndi mafayilo a masiku 90 apitawo. Zakale kuposa pamenepo zimabisika, ndipo kuyambira mu August 2024 zopitirira chaka chimodzi zimafufutidwa. Kutanthauza kuti lisiti yomwe mwaiika mwachindunji mu Slack mu Januwale simudzaiona nthawi ya odita ikafika kumapeto kwa chaka. Koma lisiti yomweyo ikakhala ku Drive, inu n'kungoika linki yake mu Slack, uthengawo ukabisika fayilo imatsala pamalo pake. Kwa ine ichi ndiye chifukwa chachikulu cholumikizira ziwirizi. Tinagwirizana ku ofesi kuti chilichonse chomwe tidzachifune chaka chamawa chiyambe chalowa ku Drive, ndipo mfundo iliyonse yomwe tamanga pokambirana ilembedwe m'fayilo, isatsale mu macheza okha. Dziwaninso kuti Slack yaulere imalola mapulogalamu owonjezera 10 okha, ndipo Drive imatenga malo amodzi mwa amenewo.

Kulumikiza sikukonza Drive yosokonekera. Ngati mafoda anu ali balalabalala, Slack imangofulumizitsa kufalitsa chisokonezocho. Ndipo pali funso lina lomwe maofesi ambiri ang'onoang'ono salifunsa mpaka zinthu zitavuta: kodi fayiloyi mwini wake ndani? Munthu akapanga fayilo ndi akaunti yake ya Gmail, mwini wake ndi iyeyo, osati bungwe, ngakhale aliyense atakhala ndi chilolezo choisintha. Zili ngati kumanga nyumba pa puloti ya mwini. Mnzathu wina atapeza ntchito kwina, tinazindikira kuti malipoti a zaka zam'mbuyo, mndandanda wa makalabu ndi zithunzi zambiri zinali pa akaunti yake. Mwamwayi tinasiyana bwino ndipo anatithandiza ndi mtima wonse. Akanakhala wochoka mokwiya, akanatha kufufuta zonse, ndipo zomwe zatayidwa mu bini ya Drive zimachoka kotheratu pakatha masiku 30. Malinki onse a mu Slack akanangokhala oloza pachabe.

Kusamutsako nakonso kuli ndi ntchito yake. Umwini wa fayilo sungaperekedwe mwachindunji kuchoka pa akaunti wamba ya Gmail kupita pa akaunti ya bungwe ya Google Workspace, yomwe ndi Google ya makampani ndi mabungwe. Mukapanga kope, kopelo limakhala ndi linki yatsopano ndipo silitenga mbiri ya zomwe zinasinthidwa kale, pomwe malinki akale a mu Slack amalozabe ku fayilo yoyamba. Ndiye ngati mukuyamba kumene, konzani izi poyambirira. Amene ali ndi Google Workspace agwiritse ntchito ma shared drive, momwe mafayilo amakhala a gulu lonse ndipo satsatira munthu akachoka. Amene mulibe, tsegulani akaunti imodzi ya ofesi yomwe pasiwedi yake ikudziwika ndi anthu awiri odalirika, ndipo mafayilo ofunika azipangidwira mmenemo. Kumbukirani kuti akaunti yaulere ya Google ili ndi malo a 15 GB, ndipo malowo amagawana Drive, Gmail ndi Google Photos. Zolemba sizidya malo ambiri, koma zithunzi ndi mavidiyo a kumunda zimadzaza msanga.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha momwe zinthu zilili kuno kwathu. Anzathu a kumudzi amagula mabandulo otchipa a WhatsApp, ndipo mabandulo amenewo satsegula Slack kapena Drive. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse, yomwe ndi yokwererapo mtengo. Simungauze mlangizi kuti aziika zithunzi ku Drive musanamupatse ya data. Tinachita kuika ndalama imeneyi mu bajeti ya mwezi uliwonse, ndipo ngakhale choncho kuli midzi ina komwe netiweki imagwira pokhapokha munthu akwere pa chulu. Kumeneko zithunzi zimabwerabe pa WhatsApp, ine n'kuzisamutsira ku Drive. Sindikuona cholakwika pamenepo. Chofunika n'chakuti zifike pamalo oyenera.

Magetsi akazima ndipo intaneti ya mu ofesi yathima, linki ya mu Slack singakutsegulireni chilichonse. Chomwe chimathandiza ndi kukonzeratu mafayilo omwe mukugwira kuti azitseguka popanda intaneti. Pa foni mumangosankha fayilo mu pulogalamu ya Drive n'kuiuza kuti ipezeke ngakhale mulibe intaneti. Pa kompyuta mumayatsa zimenezi mu Chrome intaneti ikadalipo. Zomwe mwalemba zimakalowa zokha netiweki ikabwera. Ndimachita izi m'mawa uliwonse ndi mafayilo a tsikulo.

Za ndalama ndinena mwachidule. Kulumikizako n'kwaulere. Koma mukafuna Slack yolipira kapena Google Workspace, mitengo yake amawerengera pa munthu aliyense pa mwezi, mu ndalama zakunja, ndipo kulipira kumafuna khadi ya ku banki. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cholipira mu madola chinalemera, ndipo ofesi ya anthu ochepa imayenera kuwerengera bwino isanalowemo. Mabungwe omwe si a phindu afufuze, chifukwa Google ndi Slack onse ali ndi ndondomeko zothandiza mabungwe oterewa akakwaniritsa zofunika. Ngati ofesi yanu imalipira kale Microsoft 365, yang'anani kaye Teams (yofanana ndi Slack) ndi OneDrive (yofanana ndi Drive), zomwe zimabwera zolumikizana kale. Ndipo Slack imalumikizananso ndi Dropbox, Box komanso OneDrive, choncho simukukakamizidwa kusamukira ku Drive ngati mafayilo anu ali kwina.

Pali mafayilo ena omwe sindiika linki yake mu tchanelo ya aliyense ngakhale pang'ono. Ife timasunga mayina a alimi, manambala awo a foni, manambala a ziphaso zaunzika ndi ndalama zomwe kalabu iliyonse inabwereka. Anthu amenewa anatipatsa zimenezi potikhulupirira, ndipo ambiri a iwo sadziwa n'komwe kuti Drive n'chiyani. Dziko lino lilinso ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024, lomwe MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woliyang'anira. Popeza Slack imawerenga mawu a m'fayilo yomwe yagawidwa kuti izipezeka posaka, mndandanda wa alimi ndi fayilo ya malipiro a antchito zili mu foda yakeyake, yotsegulidwa kwa bwana, achemwali a ku akaunti ndi ine. Alangizi akafuna mayina a kalabu ya kudera lawo, ndimawapangira fayilo ya kalabu yokhayo, yongowerenga, n'kuwatumizira mu uthenga wa awiri. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndimatsegula foda imeneyi n'kuona mayina a onse omwe ali ndi chilolezo, ndipo amene ntchito yake pa fayiloyo yatha ndimamuchotsapo.