YZ250 yanga pamchenga: kukoma kulipo, koma bilu yafika

Nditangoigula njinga yamoto iyi m'nyengo yozizira ndinaiyamikira kwambiri, mpaka ena mwa inu munandifunsa komwe ndinaipeza. Manje mvula ili pafupi, ndipo makaniko wanga wa ku Chilenje kuno ku Lusaka wanditumizira bilu ya K11,400. Ndiye tiyeni ndiwonjezere zomwe sizinkaoneka nthawi ija. Kwa amene simukuidziwa, ndi Yamaha YZ250 ya 2016, ya two-stroke (injini yopanda mavalavu, yomwe oyilo umasakaniza ndi petulo, mosiyana ndi ya four-stroke), yoti wina anaikwerapo kale. Ndinaigula K85,000 kwa mudala wina amene amabweretsa njinga kuchokera ku South Africa. Ndimaikwera pafamu ya mnzathu kunjira ya ku Chongwe, pomwe anyamata anakonza bwalo pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje.

Zomwe zili bwino sinditayirapo nthawi. Injini imalira msanga ngakhale m'mawa kukuzizira. Mabuleki amagwira. Mashoko a kampani ya KYB ndi abwino monga anthu amanenera, sindinawatsegulepo. Ndi yopepuka, makilogalamu 103 kapena chapompo, moti ukagwa nayo umaidzutsa wekha osaitana munthu.

Chomwe chinandidabwitsa ndi momwe imagwirizanirana ndi mchenga. Ambirife kuno ku Lusaka tinaphunzirira panthaka yofiira yolimba, pomwe ukafika pakona umatseka moto, kugwira buleki yakutsogolo, kukhala kutsogolo pafupi ndi thanki, kenako nkutuluka. Ukachita zimenezo pamchenga wakuya umadya mchengawo. Ukangotseka moto, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala lakutsogolo limamira, mahandulo amayamba kugwedezeka uku ndi uku, basi wagona. Mchenga umafuna kuti moto usazime. Ngakhale ukuchepetsa liwiro, dzanja lizisiyako pang'ono kuti tayala lakumbuyo lizikankhabe ndipo lakutsogolo liziyandama pamwamba. Apa ndi pomwe two-stroke imandikomera. Ukachepetsa moto, injini yake siikoka njinga m'mbuyo mwamphamvu monga imachitira ya four-stroke, ndiye mphuno siigwa mwadzidzidzi. Ndinakwerapo ya four-stroke ya 450 ya mnzanga pabwalo lomweli. Mphamvu ili nazo zoopsa ndipo imakoka bwino kuyambira pansi, koma ndikangobweza dzanja ndinkamva kutsogolo kukukumba.

Thupi nalo limasintha kakhalidwe. Nthawi yambiri umakhala choimirira pazopondera, matako kumbuyo, mawondo atapana thanki, manja osauma. Njinga imavina pansi pako ndipo uyenera kuilola. Ukalimbana nayo ndi manja, ukazungulira kangapo mikono imatupa mpaka kilatchi kulephera kuikoka. Maso aziyang'ana patali, osati patayala. Giya ikhale yokwererapo ndi imodzi kuposa yomwe ungagwiritse panthaka yolimba. Makona omwe ndinkaganiza kuti ndi a giya yachiwiri ndimalowa ndi yachitatu, injini ikayamba kufooka ndimakhudza kilatchi ndi chala chimodzi, imadzuka. Ukakhala m'giya yotsika tayala limangokumba dzenje, phokoso lambiri koma osapita kulikonse. Buleki yakutsogolo ndimangoigwira pang'ono njinga ili chilili, chifukwa mchenga pawokha ndi buleki.

Ndipo bwalo la mchenga silikhala chimodzimodzi kawiri. Kamtumbira komwe unatsamirapo pakona ulendo wathawu, ukabweranso umapeza kasunthira kunja kapena kaphwasuka. Mabampu olowera pakona amakula tsiku likamapita, amakhala ataliatali ngati mizere ya m'munda wa mbatata. Oyamba kumene amafuna kudutsa m'kati mwa kona kuti afupikitse njira, koma nthawi zambiri wodutsa kunja osataya liwiro ndi amene amatulukira patsogolo. Onerani pa YouTube momwe Jeffrey Herlings wa ku Netherlands amakwerera ku Lommel, bwalo la mchenga wakuya la ku Belgium. Munthu uja sakhala pansi kawirikawiri, ndipo simumva injini yake ikukhala chete. Ife mchenga wathu sufika pamenepo, pokhapokha mwina mutatengera njinga ku Mongu, koma kakweredwe kake ndi komweko.

Pali zochepa zomwe ndinasintha. Kumbuyo ndinaika tayala la mchenga, Dunlop Geomax MX14, lomwe mano ake ndi opindika kuti azikapa mchenga. Pamenepo ndalama sinapite pachabe, kungoti mukaliyendetsa pamsewu wa miyala wopita kufamu limatha msanga, choncho njinga imapita pangolo. Mpweya ndimaika 12 kapena 13 psi. Kumbuyo ndinaisiya kuti izitsika mamilimita 105 ndikakhalapo, mafoloko ndinawatsitsa m'zomangira zake kuti njinga italikeko isamagwedeze mutu, ndipo mashoko ndinawalimbitsako pang'ono. Za kabuleta nkhani yake ndi yokoka mbali ziwiri. Lusaka ili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,300, mpweya ndi wopepuka, ndiye njinga yochokera kumalo otsika a kunyanja yamchere imafuna jeti (kabowo kolowetsa mafuta m'kabuleta) yaing'ono. Koma mchenga umalemetsa injini ndi kuitenthetsa, ndipo injini yotentha ikachepekedwa mafuta pisitoni imakakamira m'silinda. Makaniko anasankha kusaichepetsa kwambiri, ndipo ndikugwirizana naye. Bola pulagi izida kusiyana ndi pisitoni kusungunuka.

Tsopano vuto lomwe labweretsa biluyi. Linayamba m'nyengo ya mphepo ndi fumbi ija ya mu Ogasiti. Ndikapotoza dzanja la moto ndinkamva kukhakhala, ngati muli timiyala, ndipo tsiku lina linachedwa kubwerera ndikulowa pakona. Amene munakwerapo 250 ya two-stroke mukudziwa kuti zimenezo si zoseketsa. Tinatsegula kabuleta, tinapezamo mchenga wosalala, silaidi (kachitsulo kotsegula ndi kutseka njira ya mpweya) itakalika. Aliyense anati ndi fyuluta. Koma fyuluta ndimaitsuka ndi kuipaka oyilo ndikangochoka kubwalo, ndili nazo zosinthanitsa, ndipo m'mphepete mwake ndimapaka girisi. Tinagulabe yatsopano. Patapita masabata ochepa mchenga unabwereranso. Kenako kiki yolizira injini inayamba kufewa, mwendo umangotsika osamva kukana kuja, mphamvu ya pansi inachepa, ndipo m'injini munayamba kumveka kaphokoso kokhuluza.

Makaniko atachotsa mbali yonse yakumbuyo ndi pomwe chinaoneka. Paipi ya labala yochokera kubokosi la fyuluta kupita kukabuleta inali yong'ambika kunsi, mbali yoyang'ana shoko, pomwe diso silifika njinga ili yomanga. Wina anamata ndi silikoni wakuda, bwinobwino ndithu, mwaluso. Silikoniyo atamasuka ndi kutentha, injini inkakoka mpweya wosasefa pamalo pomwe tayala lakumbuyo limamwaza mchenga wambiri. Panthaka yolimba mwina chikanatenga chaka chisanadziwike. Pamchenga miyezi yochepa yakwana. Ndipo mu two-stroke mpweya ndi mafuta zimadutsa kaye pansi, mokhala kilankishafuti, zisanakwere kusilinda. Ndiye mchengawo sunadye ma ring'i ndi pisitoni zokha, unalowanso m'mabering'i apansi. Injini yonse inayenera kung'ambidwa pakati.

K11,400 ija ndi ya pisitoni ndi ma ring'i, mabering'i, masili, magasiketi, paipi yatsopano ndi ntchito ya makaniko. Silinda simo. M'kati mwake muli mikwingwirima yoti chikhadabo chimakodwa, ndipo silinda za njinga izi sizibooledwa ngati za kale, zili ndi chokutira cholimba chomwe chimafunika kuikidwanso. Makaniko akuti tiitumize ku South Africa, ndipo kuphatikiza ndi mtengo wotumizira ndikhala ndikulankhula za ndalama ina yoti kunyumba sindinaitchulebe. Pakadali pano taibwezeretsa momwemo, ikuyenda, koma ma ring'i atsopanowa sakhalitsa.

Kampani yopanga njingayi ndilibe nayo mawu. Labala wa zaka zambiri amang'ambika, ndipo paipiyo ndi chinthu chotchipa poyerekeza ndi zomwe yawononga. Mawu anga ali ndi wogulitsa. Pondigulitsa ananenetsa kuti pisitoni ndi yatsopano, ndipo zinali zoona. Funso lomwe makaniko anafunsa ndi lakuti, inasinthidwa chifukwa chiyani, ndipo woisinthayo sanaone bwanji paipi yomata pomwe anachita kuichotsa? Ndinapita kwawo nditanyamula paipiyo m'pulasitiki. Ndinati, “Ba mudala, onani ichi. Silikoni uyu si wa dzulo.” Anaitembenuza, nkuseka pang'ono, amvekere, “Bwana, njinga ndinakupatsani ili bwino. Mchenga ndi wanu. Munandiuza kuti mukaikwera mumtsinje?” Ndinawakumbutsa kuti ndi njinga ya motocross, siyopitira kumsika wa Soweto. Tinakokana mpaka anavomera kulipira paipi ndi theka la ntchito ya makaniko. Madzulo omwewo anatumiza K1,500 pafoni, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina nawonso anapusitsidwa ndi amene anawagulitsa kumwerako. Kuyambira pamenepo foni yawo imangoitana, koma pa Facebook akuikabe njinga zina, zonse zolembedwa kuti pisitoni ndi yatsopano.

Mukandifunsa Lamlungu madzulo, nditangotsika, thukuta lili thupi lonse, ndikuuzani kuti njingayi sindingaigulitse. Mukandifunsa pakati pamwezi yankho limasintha. Mchenga umadya ndalama ngakhale palibe chofa. Thanki ya malita 8 siichedwa kutha, ndipo pa mlingo wa 30:1 wosakaniza petulo ndi oyilo thanki iliyonse imafuna mamililita pafupifupi 270 a oyilo wabwino wa two-stroke, yemwe sapezeka pafiling'i iliyonse. Tcheni ndi masipuloketi zimaperepeseka, mapadi a buleki yakumbuyo nawonso. Chomwe chimanditonthoza ndi chakuti ikanakhala four-stroke yomwe yameza mchenga chonchi, mavalavu akanalowanso m'biluyi.

Ndiye YZ250 ndingaigulenso, inde, makamaka pamchenga. Kwa mudala ameneyu ayi, ngakhale atatsitsa mtengo. Amene mukufuna yogwiritsidwa kale ntchito, pitani ndi makaniko wanu, chotsani mpando ndi fyuluta, walitsani tochi m'paipimo ndipo pisanimo chala. Mukamva kukhakhala ngakhale pang'ono, chotsani K15,000 pamtengo kapena bwererani. Wogulitsa akakana kuti mutsegule, musakanganenso naye, ingokwerani galimoto. Ine Loweruka likubwerali ndikupitanso kwawo, ulendo uno ndi makaniko komanso pisitoni yakale m'manja, tikakambirane za ndalama yotsalayo.