Mphamvu zidabwera, koma speedometer idayamba kunama: ndemanga yanga pa garaja ina ku Lilongwe

Ndawapatsa nyenyezi ziwiri pa zisanu. Dzina la garaja sinditchula, koma amene mumachunitsa magalimoto muno mu Lilongwe werengani mpaka pansi musanapereke makiyi anu kwa munthu.

Galimoto yanga ndi Subaru Impreza WRX ya 2005, injini ya EJ20 ya turbo, yochokera ku Japan. Monga magalimoto ambiri ochokera kumeneko, speedometer yake imathera pa 180, ndipo kompyuta ya injini imaletsa liwiro kupitirira pamenepo. Ine 180 sindinkaifuna. Ndinkangofuna kuti galimoto idzikoka bwino ndikamapitirira mathiraki pa M1. Makaniko ndiye adati pochita remap (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti mphamvu zionjezeke) achotseretu limiter, choletsa liwiro chija, akuti ntchito yake ndi imodzi. Ndidavomera.

Chabwino ndichinene. Adagwira ntchito tsiku limodzi monga adalonjezera, ndipo galimoto idasinthadi. Turbo ikuyankha msanga, giya yachitatu ikukoka mokoma, injini sikugogoda, sikutenthanso. Pamenepo ndilibe nawo mlandu.

Vuto ndidalidziwira kwa apolisi apamsewu, patatha masiku anayi, ndikupita kukatenga mlamu wanga ku eyapoti ya Kamuzu. Adandiimitsa nkundionetsa kamera: 75. Ine maso anga anali ataona singano ili pa 60 ndendende, chifukwa malo amenewo ndimawadziwa ndipo ndimasamala. Ndidatsutsa mwaulemu, "Bwana, inetu ndimayenda 60." Wapolisiyo adangoti makina ake awerenga zimenezo. Ndidalipira chindapusa mtima ukuwawa, ndikuganiza kuti andilakwira. Sadandilakwire. Pobwerera mlamu adatsegula GPS pafoni yake, ine ndikuyendetsa, iye akuwerenga. Singano ikakhala pa 40, foni 50. Pa 80, foni 100. Thukuta lidandituluka, chifukwa masiku onsewo ndinali kunyamula ana kupita nawo kusukulu, kudutsa pamalo odzaza njinga za kabaza ndi anthu owoloka, ndikudziona ngati woyendetsa wodekha.

Galimoto yochokera kufakitale speedometer yake imaonjezera pang'ono, siichepetsa. Opanga amachita dala kuti woyendetsa asathamange kuposa mmene akuganizira. Yanga imachita zosemphana ndi zimenezo, ndipo mbali imeneyo ndiyo imapha.

Nditabwerera kugarajako, yankho loyamba lidali lakuti, "Madala, amenewo ndi matayala." Nzoona kuti tayala lalikulu kuposa loyenera limachititsa speedometer kuwerenga mochepa, chifukwa likazungulira kamodzi limayenda mtunda wautali. Koma anga ndi omwewo a 215/45R17 amene ndidalowa nawo pageti lawo. Ndipo kuti liwiro lisiyane chonchi, tayalalo lingafunike kukhala lalikulu moti silingalowe nkomwe pa Subaru. Kenako adati mafoni amanama. Ndidafunsa ngati kamera ya apolisi nayo imanama mofanana ndi foni, sadayankhe. Adandiuza kuti ndibwere Lolemba, Lolemba lidakhala Lachinayi, Lachinayi foni yawo idasiya kuyankhidwa. Chimene chidandipweteka kwambiri ndi chimenechi. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, koma munthu wakuuza kuti galimoto ikumunamiza liwiro, iwe nkumamuzengereza ngati wabwera kudzadandaula za wailesi?

Adandithandiza ndi bambo wina wachikulire wokonza zamagetsi a galimoto ku Biwi. Atamasula pansi pa dashibodi adapeza kabokosi kakang'ono komangidwa ndi tepi yakuda. Adandifotokozera kuti pa galimoto iyi liwiro limawerengedwa ndi sensa ya pa giyabokosi, uthenga wake umapita ku mita, kenako ku kompyuta ya injini. Anyamata aja limiter sadaichotse mu pulogalamu monga adandiuzira. Adangoika kabokosi kochepetsa uthengawo kuti kompyuta idziganiza kuti galimoto sinafike 180, ndipo adakalumikiza mita isanalandire uthenga. Ndiye bodza limene amafuna kunamiza kompyuta lidafikanso kwa ine. Akadangoyenda nayo makilomita awiri okha pa Bypass foni ili m'manja, akadaliona.

Ndi mayileji omwe adasokonekera. Ulendo wa ku Salima umene nthawi zonse umandiwerengera makilomita pafupifupi 100 kuchokera kunyumba, sabata imeneyo udawerenga 80. Ndikadapanda kudziwa, oyilo amene ndimasintha pa makilomita 5,000 akadayenda 6,250 mu injini ya turbo yomwe angoionjezera mphamvu. Tsiku logulitsa galimoto ndikadanamizanso wogula mosadziwa.

Bambo aja adachotsa kabokosiko, adalumikiza waya mwaukhondo powotcherera, tidakayesa limodzi mpaka ku Bunda Turn-off. Tsopano singano ikakhala pa 80, GPS ikuonetsa 77. Limiter yabwerera ndipo ikhale momwemo. Remap ndaisiya chifukwa ikugwira bwino, nyenyezi ziwirizo ndi za imeneyo.

Mukapita kumeneko kapena kwina kulikonse, funsani kuti limiter aichotsa bwanji, ndipo musamalize kulipira musanayende ndi makanikoyo GPS ili yotsegula. Ndalama ya kabokosi ndidapempha kuti andibwezere, mpaka lero sinabwere. Kabokosiko ndakasunga.