Sensa ya kupendekeka pa giredala: kupanira kapena kumanga ndi mabawuti?

Sensayi ndi kachipangizo koyeza kupendekeka kwa mpeni wa giredala, chitsulo chachitali chimene makinawa amasalazira msewu. Ena amangoipanira ndi kalampu poti n'kwachangu, ndipo kuisamutsira pa makina ena sikuvuta. Koma mpeni ukagunda mwala, kalampu imasuntha pang'ono, maso osaona. Digiri imodzi yokha pa mpeni wa mamita 3.7 ndi masentimita oposa 6. Msewu wofunika kupendekeka ndi 2.5 peresenti wawonongeka pamenepo, madzi azingodikha.

Ine ndimakonda kuwotcherera kachitsulo kosalala, sensa n'kumangidwa pamwamba pake ndi mabawuti. Kumadya nthawi, inde, koma sigwedera. Wotchererani kachitsuloko sensa isanafike pafupi, chifukwa kutentha ndi magetsi zimaiwononga, ndipo ikhale molunjika ndi mzere wa mpeni. Mukatero yezani, tembenuzani makina ayang'ane kumene kunali kumbuyo pamalo omwewo, yezaninso. Pakati pa manambala awiriwo ndi pamene pali ziro weniweni.