Inki yonyikira riboni wa pa makadi: iti imagwira, iti imasuluka

Amayi anzanga a ku kwaya ndi ena ondipeza pa WhatsApp akhala akundifunsa funso limodzimodzi: riboni wofanana mtundu ndi chitenje cha ukwati umamugula kuti? Sindigula wotero. Ndimagula woyera n'kumunyika ndekha. Kuno ku Ulongué mitundu ya riboni ndi yowerengeka, ndipo ngakhale utsikire ku msika wa Kwachena mumzinda wa Tete, kupeza wofanana ndendende ndi nsalu imene akubanja asankha ndi mwayi chabe. Ndayesa njira zingapo, ndipo ndiyamba ndi imene inandipweteka mtima.

Inki ya chidindo cha muofesi, ija ku papelaria (sitolo ya mapepala ndi zolembera) amati tinta de carimbo, ndiyo aliyense amathamangira poyamba. Imapezeka paliponse, mtengo wake ndi wochepa, ndipo ya pepo ija imakongola kwambiri ikangogwera pa riboni woyera. Ndinanyikira riboni wa makadi 120 oitanira anthu ku ukwati wa mwana wa azakhali anga. Ndinayanika usiku wonse, m'mawa ndinakhudza n'kuona ngati wauma, ndinamanga timfundo tanga bwinobwino. Unali mwezi wa Januwale, mvula ili pakati. Makadi anapita ku Dómuè pa njinga yamoto, atakulungidwa m'pulasitiki, ndipo sananyowe ndi mvula ayi. Chinyezi chokha cha m'jumbomo chinakwanira. Pofika kumeneko kadi iliyonse inali ndi chibanga cha pepo pamene riboni anagona, ndipo ina inadetsa inzake ya pamwamba pake.

Azakhali anandiimbira foni madzulo ake. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, awa tingapereke kwa apongozi?" Mawu amenewo sindinawaiwale mpaka lero.

Chifukwa chake ndinachimvetsa pambuyo pake. Inki ya muofesi anaipanga kuti isaume msanga pa kansiponji kake, ndiye muli glycerine kapena zina zosunga chinyezi. Papepala imauma chifukwa pepala limaimwa. Riboni wonyezimira uja timagula pamsika ndi wa poliyesita, ndipo poliyesita samwa madzi. Inki imangokhala pakati pa ulusi, yosagwira, ndipo chinyezi chikabwera, ngakhale thukuta la m'manja, imadzuka n'kuyenda. Kutchipa kwake kunali kwa tsiku logula lokha. Ndinagulanso mapepala olimba, ndinalipiranso kosindikiza, ndinagulanso riboni, ndipo masiku atatu anapita pachabe ukwati uli pafupi. Inki imeneyi m'nyumba mwanga silowanso, ngakhale wina andipatse yaulere.

Choncho musanasankhe inki, dziwani kaye riboni amene muli naye. Dulani kachidutswa, mukagwire ndi sizasi, muyandikize ku lawi la machesi. Poliyesita amafwanyala, amasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lakenso ndi la pepala, ndipo limasiya phulusa lofewa. Ogulitsa ambiri amangoti ndi satini, koma satini ndi kalukidwe chabe, si dzina la ulusi.

Ngati riboni ndi wa thonje, palibe imene yandisangalatsa kuposa VersaCraft, ya kampani ya ku Japan ya Tsukineko. Ndi inki yopangidwira nsalu, ndipo imabwera pa kansiponji ngati ya chidindo ija. Mumagoneka riboni patebulo, mumasindikiza kansiponji pamwamba pake n'kumakoka riboni pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri. Akauma mumamusita, ndipo kutentha kwa simbi ndiko kumamanga mtundu. Akasitidwa, ngakhale adonthere madzi sasuluka. Ine ndimayala kansalu kakale pamwamba kuti simbi isadetsedwe. Vuto lake ndi lakuti sindinaionepo m'masitolo a kuno. Yanga anandibweretsera achimwene pochokera ku Johannesburg. Komanso dziwani kuti riboni amamwa inki yambiri kuposa chidindo, kotero kansiponji kamatha mphamvu msanga. Potumiza munthu, muuzeni agule pamodzi ndi kabotolo kothirira ka mtundu womwewo, apo ayi mudzaima ntchito ili pakati, ndipo Johannesburg si pafupi.

Distress Ink ya kampani ya Ranger ya ku America ndi yokongola mwa njira ina. Anaipanga dala kuti iziyenda ikakumana ndi madzi. Mukapaka pa riboni wa thonje kapena wa rayon (ulusi wofewa womwa madzi ngati thonje), n'kuwaza timadzi, n'kumufinya m'manja, amatuluka wamawangamawanga, pena pozama pena popepuka, ngati nsalu yakalekale. Pa kadi ya tsiku lobadwa yopereka pamanja, kapena yoika m'felemu, ndi yabwino zedi. Koma khalidwe lomwelo lokonda madzi ndi limene limandichititsa kuisunga mpaka nyengo ya chilimwe. Makadi oyenda mtunda m'dzinja la ku Angónia sindiwayika pa chiswe choterocho.

StazOn, ya Tsukineko yomweyo, imauma msanga ndipo imagwira ngakhale pa pulasitiki ndi galasi, koma ine ndimaisungira kudinda mayina ndi timaluwa pa riboni, osati kunyika yense.

Tsopano imene ndimaikonda, ndipo ndivomere kuti ndimaikondera, chifukwa ndi imene inandipulumutsa sabata ya ukwati uja: marker yosafufutika ndi spiriti. Inki ya marker yotere imasungunuka mu spiriti, osati m'madzi. Spiriti imaulowetsa mtundu pakati pa ulusi wa poliyesita kenako n'kuuluka, ndipo chotsalacho chinyezi sichichidzutsa. Zonse ziwiri zimapezeka konkuno, ndipo zimagwira pa riboni amene tili naye kale pamsika.

Ndimachita chonchi. Ndimalemba mizere pa riboni ndi marker, osati kudzaza pena paliponse, kenako ndimamuika m'kajumbo koyera, n'kuthira spiriti pang'ono, n'kufikisa ndi zala kunja kwa jumbo mpaka mtundu utafalikira. Ndikafuna wopepuka ndimachepetsa mizere. Ndimayanika pachingwe pamthunzi, ndipo sachedwa kuuma. Spiriti ikhale yoyera ya ku farmácia, ija alemba kuti álcool. Ya pepo ija imasiya mtundu wake pa riboni woyera, ndipo chikasu chanu chimatuluka chothimbirira. Marker yakuda nayo siipereka imvi yoyera, imagawikana n'kuonetsa pepo kapena buluu, choncho yesani kaye pa kachidutswa. Gwirani ntchitoyi panja kapena pawindo lotsegula, kutali ndi mbaula ndi kandulo, chifukwa spiriti imayaka mosavuta. Mukafuna kuwongola makwinya dikirani aumiretu, ndipo simbi ikhale yofunda chabe. Ya makala ikapsa kwambiri imasungunula poliyesita nthawi yomweyo.

Nayonso ili ndi chofooka chake: padzuwa mtundu umazilala. Kadi yokhomedwa pafupi ndi windo m'dzuwa la ku Tete sikhala yowala mpaka kalekale. Koma kadi yoitanira ku ukwati kapena ku chinkhoswe imakhala mu envulopu, kenako m'Baibulo kapena m'sutikesi, ndipo kumeneko dzuwa silifika.

Ndiye mukandifunsa, yankho langa ndi ili: pa riboni wa pamsika, marker ndi spiriti, pa wa thonje, VersaCraft ngati muli ndi wokubweretserani. Iliyonse imene mwasankha, musanamange ngakhale kadi imodzi, nyowetsani chala, mupsinje riboni wouma uja pa pepala loyera n'kuwerenga mpaka 10. Pepala likaonetsa mtundu, riboni ameneyo asayandikire makadi anu.