Sukulu yogonera konko kapena yoyendera: mwana wa Fomu 1 apite kuti?

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, makolo ambiri kuno ku Zomba amakhala ndi funso limodzi: mwana akagone kusukulu kapena aziyendera kuchokera kunyumba?

Sukulu yogonera konko, monga St Mary's ya atsikana kapena Malosa, imaphunzitsa mwana kudzisamalira msanga. Amachapa yekha, amadzuka ndi belu, madzulo amawerenga pamodzi ndi anzake m'kalasi. Mtsikana amene kunyumba akanaweruka n'kuyamba kutunga madzi, kuphika ndi kulera ang'ono ake, kumeneko nthawi yonseyo ili m'mabuku. Ichi ndi chimene chimandikoka mtima kwambiri, chifukwa ntchito zapakhomo zimadyera atsikana nthawi kuposa anyamata. Koma fizi ndi yokwera, ndipo mwana wa zaka 13 amatha pafupifupi miyezi itatu asanaonane ndi mayi ake. Akagwa m'gulu loipa, kapena akamavutitsidwa ndi ana okulirapo, kholo limadziwa mochedwa.

Woyendera, monga amene amapita ku CDSS kuchokera ku Chinamwali kapena ku Matawale, amadya nsima ya pakhomo, ndipo bambo ake amaona nkhope yake tsiku lililonse. Amaphunziranso ntchito poona akuluakulu. Kuthandiza mayi ake kugulitsa tomato ku Mpondabwino Loweruka kumamuphunzitsa kuwerengera ndalama ndi kulankhula ndi makasitomala mwaulemu. Vuto lake ndi mtunda, makamaka nthawi ya dzinja, komanso phokoso la panyumba.

Ine mwana wanga wamkazi ndingamutumize kogonera ndalama zikapezeka. Wamwamunayu ndikufuna akhale kaye pafupi nane mpaka atatha Fomu 2.